MASO OTULUKA MISOZI KOSALEKEZA: MLIMI ACHITE CHIYANI, APITE KUTI?

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye nkhani ya mbewu ndi feteleza, tikambe za chida chimene mlimi sangachigule m'sitolo chikawonongeka. Khasu likathyoka timasula lina. Ng'ombe ya ngolo ikafa timabwereka ya mnansi. Koma diso likafa, lafa basi.

Ntchito yanga ndi ya zaulimi, ndipo imandiyendetsa m'minda, m'madimba ndi m'zigafa. Kumeneko ndimakumana ndi anthu ambiri amene maso awo amangolengeza misozi tsiku lonse. Wina akusankha fodya uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Wina akutonola chimanga diso limodzi atatsinzina. Ukawafunsa, yankho limakhala lakuti "ndi utsi chabe" kapena "ndi fumbi, zitha zokha". Nthawi zina zimathadi zokha. Koma nthawi zina misozi imeneyo imakhala chenjezo loyamba la vuto limene likhoza kuchititsa munthu khungu pa masiku owerengeka.

Mfundo yanga ndi imodzi. Misozi yosalekeza si matenda payokha ayi, ndi chizindikiro chabe. Chofunika kwa mlimi ndi kudziwa kusiyanitsa misozi yofuna madzi oyera basi, misozi yofuna chipatala lero lomwe, ndi misozi imene ingadikire tsiku la msika.

MISOZI IMACHOKERA KUTI?

Taganizirani za dimba lothirira. Pali kasupe wobweretsa madzi, ndipo pali ngalande yotulutsa madzi otsala. Dimba limasefukira pa zifukwa ziwiri: madzi achuluka kuposa muyeso, kapena ngalande yatsekeka. Diso nalonso ndi chimodzimodzi.

Misozi imapangidwa m'kachiwalo kakang'ono kamene kali kuseri kwa chikope chapamwamba, chakumbali ya khutu. Tikamaphethira, misoziyo imatsuka diso n'kupita ku ngodya ya kufupi ndi mphuno. Pamenepo pali timabowo tiwiri tating'ono kwambiri, kena pa chikope chapamwamba, kena pa chapansi. Timabowoti timatengera misozi m'kanjira kotsikira m'mphuno. N'chifukwa chake munthu akamalira pa maliro amaminanso.

Tsono diso likapsa ndi utsi, likalowa chitsotso kapena likachita chilonda, kasupe uja amatulutsa misozi yambiri pofuna kudziteteza. Kanjira kaja kakatsekeka, misozi imasowa kolowera ndipo imatsikira pa tsaya ngakhale diso lisakupweteka. Palinso chodabwitsa china: diso louma kwambiri nalo limatulutsa misozi. Likauma limathetheka, ndipo thupi limayankha potumiza misozi yamadzimadzi yosakhalitsa. Izi zimachitika kawirikawiri kwa achikulire, makamaka m'miyezi ya mphepo ndi fumbi kuyambira August mpaka October.

ZIMENE ZIMACHOKERA KU NTCHITO ZATHU

Choyamba ndi utsi. Alimi a fodya wa chikopa amakhala masiku ambiri akusonkhezera moto m'nyumba zofukizira. Amayi nawo amaphika katatu pa tsiku m'khitchini yopanda zenera. Misozi ya utsi imagwira maso onse awiri, ndipo imachepa munthu akatuluka panja. Mankhwala ake ndi mpweya: tsegulani mazenera m'khitchini, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo mbaula ya Chitetezo imachepetsa utsi kuposa mafuwa atatu.

Chachiwiri ndi fumbi ndi mungu. Popeta, posankha fodya, pomenya nyemba kapena soya, ndi pamene chimanga chikumasula ngayaye, maso ambiri amayabwa ndi kufiira. Chizindikiro chachikulu apa ndi kuyabwa. Ana ena, makamaka anyamata, amakhala ndi vuto limeneli chaka ndi chaka, mpaka mbali yoyera ya diso imasanduka yoderako. Kutikita kumangowonjezera moto. Nsalu yoyera yoviika m'madzi ozizira n'kuika pa zikope imathandiza, koma mwana wotere akaonedwe ku chipatala chifukwa pali mankhwala ake oyenera.

Chachitatu ndi mankhwala ophera tizilombo. Chiyambire pamene mbozi za fall armyworm zinalowa m'dziko muno mu nyengo ya 2016 ndi 2017, alimi ambiri a chimanga anayamba kupopera mankhwala amene kale ankagwiritsidwa ntchito makamaka ndi alimi a thonje ndi a tomato. Ambiri amapopera opanda chotchinga kumaso, ena moyang'anizana ndi mphepo. Ena amathira Actellic m'chimanga ndi manja, kenaka n'kupukuta thukuta pamphumi.

Apa ndikufuna mumvetsetse. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndiponso chimene chili mu Actellic, akalowa m'thupi mochuluka amachititsa misozi kutuluka ngakhale sanagwere m'diso. Ngati munthu wapopera mankhwala ndipo akutuluka misozi, dovu, thukuta lambiri, akusanza kapena kutsegula m'mimba, akubanika, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kachepa ngati kansonga ka singano, imeneyo si nkhani ya maso. Ndi poizoni m'thupi. Muvuleni zovala zimene anapopera nazo, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye ku chipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala awerenge dzina lake. Musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa.

Chachinayi ndi zinthu zowotcha zogwera m'diso: laimu, simenti, phulusa, feteleza, madzi a batire, utomoni wa nkhadze umene timaupeza podulira mpanda, ndi malovu a njoka ija yolavulira m'maso. Pa zonsezi lamulo ndi limodzi. Tsukani diso nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri, mutatsegula zikope ndi zala, kwa mphindi 15 mpaka 20 osalekeza. Kapu imodzi sikwanira. Tengani ndowa, wina azithira pang'onopang'ono. Musayambe mwathamangira ku chipatala musanatsuke, pakuti laimu ndi simenti zimapitiriza kudya diso muli m'njira. Mukatsuka, ndiye nyamukani.

CHILONDA CHA NTHAWI YOKOLOLA

Pali vuto limodzi limene ndikufuna mlimi aliyense aliope, chifukwa limayamba ngati kanthu kachabechabe. Mukukolola chimanga mu May, tsamba louma lakukwapulani m'diso. Mukumenya mpunga ku Nkhotakota, ku Karonga kapena ku chigwa cha Chilwa, kambewu kamodzi kathamangira m'diso. Mukudula nzimbe kapena udzu wofolera, nsonga yakukandani. Diso likutuluka misozi, mukumva ngati muli mchenga, koma ntchito ikudikira, ndiye mukupitiriza.

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi la wotchi, kamene kamaphimba mbali yakuda ija. Kakakandika ndi chomera, tizilombo ta pa chomeracho timalowa pa balapo. Ife a zaulimi tizilombo timeneti timatidziwa bwino. Aspergillus ndi yemwe amabweretsa chuku mu mtedza ndi m'chimanga. Fusarium ndi yemwe amawoletsa zisononkho. Nkhungu zomwezi zikalowa m'diso zimamera monga zimamerera m'nkhokwe yodontha, ndipo zimapanga chilonda.

Zizindikiro zake ndi izi: diso limodzi likutuluka misozi kwambiri, likupweteka, lafiira, munthu akuopa kuwala, akuona mwachimbuuzi, ndipo pa mbali yakuda ija payamba kuoneka kadontho koyera kapena kotuwa. Mukaona zimenezi, pitani ku chipatala cha boma tsiku lomwelo. Chilonda chotere chikachedwa chimasiya chipsera choyera chotseka kuona, kapena chimaboola diso. Ndipo mukafika, nenani momveka kuti munabayidwa ndi chomera, chifukwa mankhwala a nkhungu ndi osiyana ndi mankhwala wamba a maso.

Lamulo losavuta ndi lakuti diso limene lakandika ndi chomera, ngati silinapeze bwino pofika m'mawa mwake, lisagonenso kunyumba kachiwiri.

NSIDZE ZOLOWA M'KATI

Pitani m'midzi ya ku Nsanje, Chikwawa, Mchinji, Kasungu kapena Salima, mukapeza agogo ena amene maso awo sauma, ndipo amasunga kachitsulo kozulira nsidze. Ameneyu nthawi zambiri ndi mlandu wa matenda a trachoma amene anadwala ali ana. Matendawa amafala kudzera m'manja, nsalu zopukutira kumaso ndi ntchentche zotera pa manthongo. Munthu akadwala mobwerezabwereza, m'kati mwa chikope mumachita zipsera, chikope chimapindikira m'kati, ndipo tsitsi la m'mphepete mwake limakanda diso nthawi iliyonse akaphethira.

Mu September 2022 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto lalikulu la umoyo wa anthu. Zinatheka chifukwa cha mankhwala a azithromycin amene anagawidwa m'maboma okhudzidwa, maopaleshoni a zikope, madzi abwino, zimbudzi ndi kusukusula ana. Koma chilengezo chimenechi sichiwongola chikope cha gogo chimene chinapindika kale. Kuzula nsidze kumapumitsa masiku ochepa, kenaka zimameranso, nthawi zina zakuthwa kuposa kale. Chothandiza chenicheni ndi opaleshoni yaing'ono yotembenuza chikope. Munthu sagonekedwa tulo, amangobayidwa jakisoni wochititsa dzanzi pa chikopepo, ndipo kawirikawiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ngati muli ndi kholo lotere pakhomo, musati ndi ukalamba. Mukwezeni pa njinga.

MATENDA A MASO OFIIRA

Ambiri mukukumbukira mliri wa maso ofiira umene unayambira ku Karonga mu February 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Matenda otere amagwira diso limodzi kenaka linzake, misozi ndi manthongo zimatuluka, ndipo amayenda nyumba yonse. Ambiri amachira okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Chofunika ndi kusamba m'manja ndi sopo, kusabwerekana nsalu yopukutira kumaso, ndi kupukuta manthongo ndi kansalu koyera konyowa. Koma ngati diso likupweteka kwambiri, kuona kwachepa, kapena mafinya akutuluka ochuluka, musati ndi mliri womwe uja. Kaonetseni.

ANA AANG'ONO

Makanda ambiri amabadwa kanjira ka misozi kasanatseguke bwino. Diso limalengeza misozi ndipo m'mawa limakhala ndi timanthongo, koma siliri lofiira ndipo mwana sakuvutika. Mwa ana 10 otere, pafupifupi 9 kanjirako kamatseguka kokha asanakwanitse chaka chimodzi. Ku sikelo anamwino angakuonetseni mmene mungasisitire pakati pa diso ndi mphuno ndi chala choyera. Chaka chikatha misozi isanaleke, pemphani kalata yopita kwa a maso.

Koma pali zinthu zitatu zosadikira. Khanda la masiku ochepa limene zikope zatupa ndipo mafinya akutuluka ambiri lipite ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda amenewo akhoza kuboola diso pa masiku awiri kapena atatu, ndipo mayi ndi bambo nawonso amafunika mankhwala. Mwana amene akutuluka misozi, akubisa nkhope ku dzuwa, ndipo diso likuoneka lalikulu kapena lachifunga, akhoza kukhala ndi matenda othinitsa madzi m'kati mwa diso, amene amafuna opaleshoni msanga. Ndipo mwana wodwala chikuku, kapena woperewera zakudya, amene watseka maso osafuna kutsegula, afunika vitamini A mwachangu. Apa mlimi ali ndi mbali yake: mbatata yofiira m'kati, maungu, mango, mapapaya, bonongwe, chisoso ndi mazira ndi zakudya zoteteza maso a ana.

ZOSAYENERA KUTHIRA M'DISO

Ndamvapo njira zambiri m'midzi: madzi a masamba ofinya, mkodzo, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a fodya, mandimu, ngakhale kunyambita chitsotso ndi lilime. Ndikudziwa kuti amene amachita izi amafuna kuthandiza, ndipo chipatala chili kutali. Koma taganizirani. Tangoona kumene kuti nkhungu za pa zomera ndi zimene zimadya diso. Tsono kufinyira tsamba pa diso lokandika kale kuli ngati kuthira mbewu ya chuku m'thumba la mtedza wonyowa. Mkodzo nawo ukhoza kunyamula chinzonono, chimene chimawononga diso msanga koposa.

Chenjeraninso ndi timabotolo ta mankhwala a maso togulitsidwa pa msika kapena tobwereka kwa mnansi. Ena mwa mankhwalawa ali ndi steroid, monga dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone. Amachotsa kufiira msanga, munthu n'kumati wachira. Koma pa chilonda cha nkhungu amakhala ngati feteleza pa namsongole, ndipo akagwiritsidwa ntchito miyezi yambiri amabweretsa ng'ala kapena kupha mtsempha wa diso mwakachetechete. Mankhwala amenewa ndi abwino m'manja mwa dokotala amene waliyeza disolo, osati m'manja mwa wogulitsa pa benchi.

Popanda uphungu wa chipatala, chinthu chimodzi chokha chololedwa kulowa m'diso ndi madzi oyera.

TIPITE KUTI?

Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Kumeneko angatsuke diso, kuchotsa chitsotso chapamwamba, kupereka mankhwala opaka a tetracycline, ndi kulemba kalata yokutumizani patsogolo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi nawonso angakuuzeni tsiku limene a maso amabwera m'dera lanu.

Pa chipatala chachikulu cha boma lanu, funsani chipinda cha maso. Kumeneko kumakhala ma clinical officer ophunzira za maso. Iwo amayeza kuona kwanu, amadontheza kamankhwala kachikasu kamene kamaonetsa bala ngakhale laling'ono, amatembenuza chikope kufufuza chitsotso chobisala, ndipo ambiri amachita opaleshoni ya nsidze ija.

Mavuto akulu amatumizidwa ku zipatala zazikulu. Kummwera kuli Lions Sight First Eye Hospital pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndiponso chipatala chachikulu cha Zomba. Pakati pali Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi chipatala cha mishoni cha Nkhoma chimene chimadziwika kwambiri pa ntchito ya maso. Kumpoto kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu. Ngati kanjira ka misozi katsekeka mwa munthu wamkulu, makamaka ngati pambali pa mphuno patupa kapena pakutuluka mafinya mukadina, kumeneku ndi kumene angakayeze ndi kukonza njira yatsopano. M'zipatala za boma chithandizo wamba ndi chaulere, pamene za mishoni zimalipiritsa, choncho funsani mtengo musananyamuke.

Popita, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mankhwala onse amene mwathira kale, ndi botolo kapena pepala la chinthu chimene chinagwera m'diso. Ngati munathira mankhwala achikuda, nenani. Kubisa kumangosocheretsa amene akufuna kukuthandizani. Konzekerani kuyankha mafunso awa: zinayamba liti, ndi diso limodzi kapena onse, likuyabwa kapena likupweteka, ndipo kuona kwasintha kapena ayi.

Pitani lero lomwe ngati diso likupweteka kwambiri, kuona kwachepa, pali kadontho koyera pa mbali yakuda, mwabayidwa kapena kupsa ndi mankhwala, kapena wodwalayo ndi khanda lotuluka mafinya. Diso limene labooka musalitsuke kapena kulidina. Liphimbeni ndi kapu yoyera yosakhudza disolo, mumange ndi nsalu, n'kunyamuka.

Pitani sabata yomweyo ngati misozi yatha masabata awiri isanaleke, nsidze zikukanda diso, chikope chagwera kunja kapena sichikutsekeka pogona, kapena pa mbali yoyera ya diso pamera kanyama kotuwa kokhakhala kamene kakukula. Kanyama kotere nthawi zina kamakhala kopanda vuto, kobwera ndi dzuwa ndi fumbi, koma nthawi zina ndi khansa imene imapezeka ndithu kuno kwathu, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Kakachotsedwa kadakali kakang'ono, diso limapulumuka.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Magalasi otchinga maso amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira ndi otsika mtengo kuposa ulendo umodzi wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Avaleni popopera, posakaniza mankhwala, pomenya mpunga, podula nzimbe ndi posula makasu. Poperani m'mawa kapena madzulo mphepo itagona, ndipo mphepo izikhala kumbuyo kwanu. Mpopi wa sipuleya ukatsekeka, musauuzire ndi pakamwa kapena kuusuzumira. Popita kumunda kukapopera, nyamulani chigubu cha madzi oyera cha malita 5 chongosungira ngozi, chosiyana ndi madzi osungunulira mankhwala. Valani chipewa cha mlomo waukulu. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire kumaso. Sukusulani ana tsiku lililonse, ndipo khola la ziweto ndi dzala zikhale patali ndi khonde kuti ntchentche zichepe.

Ku makalabu a alimi, ndikupempha kuti nkhaniyi muikambe pa msonkhano wanu wotsatira. Gwirizanani kuti membala akavulala m'diso nthawi yokolola, anzake amugwirire ntchito tsiku limenelo, ndipo thumba la kalabu limubwereke ya ulendo. Chimene chimachedwetsa alimi ambiri si umbuli ayi, koma mantha osiya mbewu m'munda ndi kusowa kwa ndalama yokwerera galimoto. Chimanga chikhoza kudikira pa mkukwe masiku awiri. Chilonda cha m'diso sichidikira.